Kodi Maganizo a Malthus Adatha Ntchito?

Patatha mwezi chimetereni maliro a mayi wina wa m'chigawo chapakati, abale adasonkhana kumunda kuti agawe malo amene malemuwo adasiya. Padali anyakwawa, padali ana anayi aakazi a malemuwo, komanso padali malume awo amene adali mwini mbumba. Mkuluyu adagwirapo ntchito ya ulangizi wa zaulimi kwa zaka zambiri asadapume, choncho udindo woyeza munda udagwera iye. Adayenda ndi chingwe kuchokera pamtengo wa muwanga wa kum'mawa mpaka pachulu cha kumadzulo, ndipo atawerengetsa bwinobwino adapeza kuti mwana aliyense alandira ekala imodzi yokha.

Ali chiimire pachulupo, mkuluyo adakumbutsa anthu kuti mayi ake ankalima maekala 12 pamalo omwewo. Iwo atamwalira, ana awo atatu aakazi adagawana maekala anayianayi. Tsopano anayi aja adali kusanduka imodziimodzi. "Nanga ana a ana awa adzagawana chiyani?" adafunsa motero. "Mbumba ikukula koma munda uli pomwepo. Mzungu uja tidamuphunzira kusukulu ya zaulimi, Malthus, sadaname ayi."

Mwa ana anayiwo, wachitatu kubadwa adali atatsiriza maphunziro a zachuma kuyunivesite. Iye adasendera pafupi, nagwada, nati: "Pepani malume, sindifuna kukutsutsani pagulu, koma Malthus ameneyo akatswiri ambiri adamutaya kale. Zimene adalosera sizidachitike." Mkuluyo adangomwetulira, nati nkhaniyo akaikambire kunyumba. Kwa masiku atatu, madzulo aliwonse akatha kudya, awiriwo ankakhala pakhonde ndi kupitiriza mtsutso wawo. Mtsutso umenewu ndi wakale ndithu, pakuti anthu ophunzira akhala akuukangana kwa zaka zoposa 200.

Thomas Robert Malthus adabadwa ku England m'chaka cha 1766. Adaphunzira ku Cambridge ndipo adadzozedwa kukhala mbusa wa mpingo wa Anglican. Bambo ake, a Daniel Malthus, adali okonda maganizo a anthu monga William Godwin wa ku England ndi Condorcet wa ku France, amene ankaphunzitsa kuti anthu akakonza malamulo awo ndi kukulitsa nzeru zawo, umphawi udzatha padziko lapansi. Mwanayo sadagwirizane ndi bambo ake, ndipo kusiyana maganizo kwawoko ndiko kudabala buku lotchedwa An Essay on the Principle of Population, limene lidatuluka mu 1798 popanda dzina la mlembi wake.

Malthus adayambira pa zinthu ziwiri zimene aliyense amazidziwa. Choyamba n'chakuti munthu sangakhale ndi moyo popanda chakudya. Chachiwiri n'chakuti amuna ndi akazi sadzaleka kukwatirana ndi kubereka. Iye adati ngati palibe choletsa, chiwerengero cha anthu chimawirikiza kawiri pa zaka 25 zilizonse, monga momwe zinkachitikira ku North America kumene malo adali ambiri. Motero anthu amachuluka mwa dongosolo la 1, 2, 4, 8, 16, pamene chakudya, ngakhale alimi atayesetsa bwanji, chimangowonjezeka mwa dongosolo la 1, 2, 3, 4, 5. Pakutha pa zaka 100, ofuna kudya achuluka ka 16 pamene nkhokwe zachuluka kasanu kokha.

Popeza anthu sangapitirire chakudya chimene chilipo, Malthus adati payenera kukhala zinthu zowabweza m'mbuyo. Zina ndi zochulukitsa imfa, monga njala, miliri ndi nkhondo. Zina ndi zochepetsa kubadwa kwa ana. Pamene ankalikonzanso bukulo mu 1803 adatsindika kwambiri za kudziletsa, ndiko kuti munthu achedwe kulowa m'banja kufikira atapeza zodyetsera ana ake. Mfundo yake yowawa kuposa zonse idali yokhudza amphawi. Iye adati chakudya chikachuluka, ana ambiri amakula, ofuna ntchito amachuluka, malipiro amatsika, ndipo wantchito amabwerera pa umphawi womwe uja. N'chifukwa chake adatsutsa malamulo a ku England othandizira osauka, ponena kuti thandizolo limangochulukitsa ana popanda kuchulukitsa chakudya.

Madzulo oyamba, mtsikana uja ndiye adatenga nthawi yaitali. Adati pamene Malthus ankalemba, padziko lonse padali anthu pafupifupi 1 biliyoni, koma mu Novembala 2022 bungwe la United Nations lidalengeza kuti anthu akwana 8 biliyoni. Chikhala kuti ulosi uja udali woona, anthu onsewa akadakhala atatha ndi njala, kapena sakadabadwa n'komwe. Koma zimene zidachitika n'zosiyana: munthu wobadwa cha m'ma 1800 ankayembekezera kukhala ndi moyo zaka pafupifupi 30, pamene wobadwa m'zaka za m'ma 2020 amayembekezera zaka zoposa 70. Kwawo kwenikweni kwa Malthus, ku England ndi Wales, kalembera woyamba wa mu 1801 adapeza anthu pafupifupi 9 miliyoni, ndipo wa mu 1901 adapeza oposa 32 miliyoni, koma malipiro a antchito adakwera m'malo motsika.

Mtsikanayo adatchula zinthu zitatu zimene Malthus sadazione. Choyamba ndi malonda ndi mayendedwe. Sitima zapamtunda ndi zapamadzi zoyendera nthunzi zidayamba kututa tirigu wa ku America kupita naye ku Ulaya pamtengo wotsika, kotero kuti dziko silidafunikirenso kudalira minda yake yokha. Chachiwiri ndi sayansi. Mu 1909 katswiri wa ku Germany, Fritz Haber, adapeza njira yotengera nayitirojeni mumpweya, ndipo Carl Bosch adaisandutsa njirayo kukhala ya m'fakitale mu 1913. Apa ndi pamene padachokera feteleza amene alimi amathira m'chimanga, ndipo akatswiri ena amayerekeza kuti pafupifupi theka la anthu onse padziko amadya chakudya cholimidwa ndi feteleza wotereyu. Pambuyo pake Norman Borlaug wa ku America, akugwira ntchito ku Mexico, adapanga tirigu wamfupi wobereka kwambiri. Tiriguyu atafika ku India ndi Pakistan m'zaka za m'ma 1960, zokolola zidakwera kwambiri, ndipo Borlaug adalandira mphotho ya Nobel ya mtendere mu 1970.

Chachitatu, chimene mtsikanayo adati ndicho chidathyola msana wa chiphunzitso chonse, ndi kuchepa kwa ana m'mabanja. Malthus ankaganiza kuti anthu akalemera amabereka kwambiri, koma zaoneka kuti imfa za makanda zikachepa, atsikana akaphunzira, ndiponso anthu akasamukira m'mizinda, mabanja amasankha kukhala ndi ana ochepa. M'zaka za m'ma 1960 mayi mmodzi padziko lapansi ankabereka ana pafupifupi asanu, koma pofika m'ma 2020 nambalayo idatsika kufika pakati pa awiri ndi atatu. Ku South Korea mu 2023 idali yosakwana ngakhale mwana mmodzi, ndipo ku China chiwerengero cha anthu chidayamba kutsika mu 2022. Adakumbutsanso za Paul Ehrlich wa ku America, amene mu 1968 adalosera kuti anthu mamiliyoni mazanamazana adzafa ndi njala m'zaka za m'ma 1970, koma zimenezi sizidachitike.

Mkulu uja adamvetsera zonsezi mosadula mawu, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzulo achiwiri ndi pamene adayankha. Poyamba adati munthu asamaweruzidwe ndi zaka zimene sadazione zokha, koma ndi zimene adaziona zomwe. Kwa zaka mazana ambiri Malthus asadabadwe, moyo wa anthu unkayenda monga momwe iye adafotokozera. Mliri waukulu utagwa ku England mu 1348 ndi kupha munthu mmodzi mwa atatu aliwonse kapena kuposerapo, malipiro a otsala adakwera chifukwa minda idachuluka ndipo antchito adachepa. Anthu atachulukanso m'zaka zotsatira, malipirowo adatsikanso. Choncho Malthus adafotokoza molondola dziko la khasu ndi pulawo ya ng'ombe. Tsoka lake lidali lakuti adalemba panthawi imene mafakitale adali atangoyamba kulisintha dzikolo.

"Koma tsono, mwanawe," adatero mkuluyo, "tayang'ana kumunda kuja. Kodi n'chiyani chimene alongo ako agwira m'manja? Si khasu lomwe lija?" Adakumbutsa kuti kalembera wa mu 1966 adapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'Malawi, pamene wa mu 2018 adapeza oposa 17.5 miliyoni. Chiwerengero chidawirikiza kawiri, n'kuwirikizanso kawiri, pa zaka 52 zokha, ndiye kuti pafupifupi zaka 25 zomwe zija Malthus adanena. Dziko silidatambasuke. Kale munda ukaguga ankausiya tsala kwa zaka zingapo kuti ubwerere m'chimake, koma munthu wa ekala imodzi sangagoneke munda wake ngakhale chaka chimodzi. Mapiri amene adali ndi nkhalango adayera, amayi amayenda mtunda wautali kukafuna nkhuni, ndipo chambo cha m'nyanja ya Malombe chidachepa kwambiri pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa cha kuchuluka kwa makoka.

Pa nkhani ya feteleza, mkuluyo adavomereza kuti ndi chinthu chodabwitsa, pakuti iye mwini adaona ndi maso ake munda umodzi ukubereka kawiri kapena katatu kuposa kale. Koma adati feteleza samera m'munda. Amapangidwa kunja ndi mpweya wokumba pansi, amabwera pasitima, ndipo amagulidwa ndi ndalama. Mtengo wake utakwera padziko lonse mu 2021 ndi 2022, alimi ambiri adabzala chimanga popanda thumba ngakhale limodzi. Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Adawonjeza kuti ngakhale Borlaug yemweyo, polandira mphotho yake, adachenjeza kuti mbewu zatsopano zangopatsa anthu mpata wopumira, ndipo kuti mpatawo udzatha ngati kuchuluka kwa anthu sikuchepa liwiro.

Apa mtsutso udafika pouma, chifukwa aliyense adali ndi umboni wosakanika. Madzulo achitatu mtsikanayo adabwera ndi mayina a akatswiri awiri amene adayang'ana nkhaniyi kuchokera mbali ina. Woyamba ndi mayi wa ku Denmark, Ester Boserup, amene mu 1965 adalemba kuti Malthus adaika ngolo patsogolo pa ng'ombe. Kwa iye, si chakudya chokha chimene chimalamula chiwerengero cha anthu, koma kuchuluka kwa anthu nakonso kumakakamiza alimi kupeza njira zatsopano, monga kuthira manyowa, kuthirira ndi kulima kawiri pachaka. Chitsanzo chodziwika ndi boma la Machakos ku Kenya. M'zaka za m'ma 1930 malowa adali okokoloka kwambiri, koma pofika cha m'ma 1990 anthu adali atachuluka kasanu kapena kuposerapo, ndipo nthaka idali yotetezedwa bwino ndi migula ndi mitengo kuposa kale. Mkuluyo adati nkhaniyi adaimvapo, koma adakumbutsa kuti alimi a ku Machakos adali ndi msika waukulu wa Nairobi pafupi. Munthu amasamala nthaka akadziwa kuti zokolola zake zili ndi wogula.

Wachiwiri ndi Amartya Sen wa ku India, amene ali mwana wa zaka zisanu ndi zinayi adaona njala ya ku Bengal ya mu 1943 imene idapha anthu pakati pa 2 ndi 3 miliyoni. Mu 1981 iye adasonyeza kuti chakudya cha ku Bengal m'chaka cha njalayo sichidali chochepa kuposa cha mu 1941, chaka chimene kudalibe njala. Chimene chidasintha ndi mitengo, imene idakwera chifukwa cha nkhondo mpaka aganyu ndi asodzi adalephera kugula mpunga. Chimodzimodzi ku Ireland, njala imene idayamba mu 1845 chiwawu chitagwira mbatata ya kachewere idapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, koma nthawi yomweyo sitima zinkachoka m'madoko a dzikolo zitasenza chakudya chokagulitsa kunja. Sen, amene adalandira mphotho ya Nobel ya zachuma mu 1998, adaphunzitsa kuti kawirikawiri anthu amafa ndi njala osati chifukwa chakudya kulibe, koma chifukwa alibe njira yochipezera.

Mkuluyo atamva izi adakhala chete kwa kanthawi. Kenaka adavomereza kuti pa njala ya mu 2002 adaona anthu akudya gaga ndi zitsinde za nthochi pamene chimanga chidali poyera m'misika, chikugulitsidwa pamtengo umene wosauka sakadaukwanitsa. Adakumbukiranso kuti chimanga cha m'nkhokwe za boma chidali chitagulitsidwa njalayo isadafike. "Pamenepo wanena zoona, mwanawe," adatero. "Amene adafa chaka chimene chija sadafe chifukwa choti adabadwa ambiri."

Pali chinthu china chimene onse awiri adagwirizana, ndicho chakuti dzina la Malthus lagwiritsidwa ntchito pozunza anthu. Lamulo la ku England la mu 1834, limene lidakhwimitsa thandizo la osauka ndi kuwatsekera m'nyumba zogwiriramo ntchito yakalavulagaga, lidatsamira pa maganizo ake. Ku India, pakati pa 1975 ndi 1977, anthu mamiliyoni adatsekedwa kubereka, ambiri mwa iwo mokakamizidwa. Ku China lamulo la mwana mmodzi lidagwira ntchito kuyambira cha mu 1980 mpaka mu 2015. Komabe chilungamo chifuna kuti zinenedwe kuti Malthus mwini sadalamule zotere. Monga mbusa wa nthawi yake, iye ankakana njira zolerera, ndipo ankalimbikitsa kuti ana a anthu osauka aphunzitsidwe sukulu. Maganizo ake adathandizanso sayansi m'njira imene iye sadailote, pakuti Charles Darwin atawerenga buku lake mu 1838 adapezamo chinsinsi cha momwe zamoyo zimapikisanirana chakudya ndi malo.

Nanga tsono, kodi maganizo a Malthus adatha ntchito? Funso lotere silifuna yankho la liwu limodzi. Mayi wanzeru akamapeta sataya lichero lonse chifukwa muli mankhusu, ndiponso saphika mankhusuwo chifukwa muli njere. Chiphunzitso cha Malthus chili ndi mbali zitatu, ndipo iliyonse iyenera kuyesedwa payokha. Mbali yoyamba ndi ulosi wakuti chakudya sichingathe kutsata chiwerengero cha anthu ndipo kuti amphawi sadzatuluka mu umphawi. Ulosi umenewu udalephera poyera, ndipo wouumirira akukana umboni wa zaka 200. Mbali yachiwiri ndi mankhwala ake akuti osauka asathandizidwe. Amenewa ndi mankhusu enieni, pakuti zaoneka kuti chipatala, sukulu ndi chakudya chokwanira ndizo zimachepetsa kubereka, osati kuzunzika. Mbali yachitatu ndi chenjezo lakuti nthaka, madzi, mitengo ndi nsomba zili ndi malire, ndipo kuti anthu odalira khasu akachuluka mofulumira pa malo osakula amasauka. Chenjezo limeneli likadali ndi mphamvu, makamaka pamene nyengo yasintha ndipo chilala ndi kusefukira kwa madzi zikubwera pafupipafupi.

Kulakwa kwakukulu kwa Malthus kudali kuyesa msampha ngati manda. Iye adaona bwino lomwe kuti msamphawo ulipo, koma adaganiza kuti palibe wotulukamo. Mayiko ambiri atulukamo, ndipo njira zake n'zodziwika: mbewu zabwino, ulimi wothirira, misewu yofika kumsika, ntchito zina zosadalira munda, boma lomva kulira kwa anthu ake, ndi maphunziro a atsikana. M'Malawi momwemo kafukufuku wa mu 1992 adapeza kuti mayi mmodzi ankabereka ana pafupifupi asanu ndi awiri, pamene wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti nambalayo idatsika kufika pakati pa anayi ndi asanu. Koma kudziwa njira si kufika. Wophunzira amene angoloweza kuti Malthus adalakwa, osafunsa kuti adalakwa pati ndipo chidamulakwitsa n'chiyani, akhoza kugona tulo poganiza kuti chakudya chimachuluka chokha, chonsecho chidachuluka chifukwa cha thukuta ndi nzeru za anthu ena.

M'mawa wa tsiku lachinayi abale adabwereranso kumunda kukabzala nkhadze m'malire atsopano. Atafika pa ekala yachitatu, mtsikana uja adapempha anyakwawa kuti gawo lake lidziwike ndithu kuti ndi lake, koma alilime ndi mkulu wake amene adali ndi ana asanu. Adangoika pangano limodzi, lakuti chaka chilichonse matumba awiri a chimanga cha pa ekalayo azigulitsidwa kuti mwana wamkazi wa mkulu wakeyo, amene adali atangosankhidwa kupita kusekondale, asasowe fizi. Anyakwawa adavomera, ndipo mboni zidamva.

Mkulu uja adakulunga chingwe chake pang'onopang'ono, namuyang'ana mwana wa mlongo wakeyo. "Uli ndi zaka 26 ndipo sunalowe m'banja," adatero. "Mayi ako pa msinkhu umenewo adali ndi ana atatu. Ukuti Malthus adatha ntchito, chonsecho ukuchita zomwe iye adalangiza."

"Ayi malume," adayankha mtsikanayo uku akuseka. "Iye adati ndichedwe chifukwa choopa njala. Ine ndidachedwa chifukwa ndidali kusukulu."

Mkuluyo sadayankhe. Adatola khasu, nakumba dzenje, nabzala nkhadze yomaliza pafupi ndi chulu chija.